NKHUKU YA MBEU ISANKHIDWA NDI MANJA

Nkhani ya lero iri ya kasankhidwe ka atambala ndi mathadzi oyenera kusungidwa kuti akhale mbeu. Ikhudza alimi a ku Chalimbana ndi midzi yozungulira, koma ikhudzanso amuna ogwira nchito ku migodi ya Nkana, Nchanga ndi Mufulira, ndi anthu okhala m'makomboni a mu Lusaka, pakuti ambiri a iwo ali ndi nkhuku kwao kumudzi zimene amai ao kapena akazi ao alikuwasungira, ndipo ena aweta zowerengeka kuseri kwa nyumba.

Chalimbana ali m'dziko la Asoli, m'boma la Chongwe, pafupi-fupi makilomita 50 kum'mawa kwa Lusaka. Malowa adziwika cifukwa ca sukulu ya aphunzitsi imene inasamukira kumeneko kucokera ku Mazabuka m'caka ca 1939. Inali sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera midzi pamodzi ndi akazi ao, kuti akathandize anthu pa zaulimi, zaukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo. Masiku ano pamalopo pali yunivesite. Koma kwa woweta nkhuku cinthu cacikuru pa Chalimbana ndico kuyandikira kwace ku mzinda. Nkhuku ya kumudzi ifunidwa kwambiri mu Lusaka, ndipo pa misika monga wa Soweto igulidwa pa mtengo woposa wa nkhuku zoyera za m'mafamu.

Apa ndipo pali bvuto. Wogula akafika pakhomo, anyamula nkhuku imodzi-imodzi nasankha yolemera. Mlendo wolemekezeka akabwera, ana atumidwa kukagwira yonenepa. Pa Khrisimasi aphedwa tambala wamkuru. Cotero zabwino zonse zithera mu mphika, ndipo zotsala, zija wogula anazikana, ndizo zibereka. Zikapita zaka zitatu kapena zinai mwini adabwa kuona kuti nkhuku zace zacepa thupi, mazira acepa, anapiye angofa. Ena aganiza kuti wina wawacita cipongwe, koma munthu yemweyo sangadye cimanga cabwino ndi kusunga cofumbwa kuti akabzale. Nkhuku nazo ziri ndi mbeu, ndipo mbeuyo iyenera kupatulidwa wogula asanafike.

Bvuto lina ligwera anthu a m'tauni. Munthu alandira malipiro ace, nafuna kukonza mtundu wa nkhuku za kwao. Apita ku msika, aona tambala wofiira wa nthenga zonyezimira, amgula, namnyamula ulendo wautali. Pakupita miyezi, anapiye obadwa ali ndi mapiko olendewera ndi misana yopindika, ndipo ndalama ya thukuta yapita pacabe. Akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthenga zibisa zambiri. Cimene maso sangathe kuona, manja acipeza.

KAGWIRIDWE KACE

Nthawi yabwino yoyesa nkhuku ndi usiku, zitalowa m'khola, pakuti pamenepo zigwidwa popanda kuzithamangitsa. Pafunika anthu awiri, wina wogwira nyali. Woyesa alowetse dzanja lamanzere pansi pa cifuwa ca nkhuku, mutu wace uloze kwa iye, miyendo iri pakati pa zala. Nkhuku yogwidwa motere ikhala phee, ndipo dzanja lamanja litsala lomasuka kufunyulula phiko ndi kupapasa thupi. Kuinyamula ndi mapiko kapena kuizondotsa kuibvulaza, ndipo sikuonetsa kanthu.

Msinkhu woyenera ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Mwanapiye asintha nthenga kangapo asanakule, ndipo tambala wamng'ono wokula msanga kawiri-kawiri alekerera mapiko ace kwa kanthawi, kenaka nkuwakweza thupi likakhwima. Woweruza nkhuku ya miyezi itatu angathe kupha yabwino.

PHIKO

Phiko likafunyululidwa lioneka ngati cikupizo, ndipo liri ndi magulu awiri a nthenga zazikuru. Kunsonga kuli nthenga 10 zazitali ndi zolimba, zimene nkhuku iulukira. Kufupi ndi thupi kuli zina pafupi-fupi 14, zofewerapo. Pakati pa magulu awiriwa pali kanthenga kamodzi kakafupi kamene katseka mpata. Phiko labwino liribe polekeza: nthenga iri yonse isanjika pa inzace kuyambira kunsonga kufikira kuthupi. Woyesa akalitaya, libwerera lokha mwamphamvu, nthenga za kunsonga zilowa pansi pa zinzace, ndipo phiko lonse limamatira kunthiti.

Zirema za phiko zoyenera kuzidziwa ziripo zitatu.

Coyamba ndi phiko logawanika. Pa phiko lotere kanthenga ka pakati kaja kalibe, kapena nthenga zamera motalikirana, kotero kuti paoneka mpata waukuru wonga wa dzino loguluka. Nkhuku itapinda phiko mpatawo suoneka konse, ndipo cifukwa cace ambiri agula cirema cimeneci osadziwa.

Caciwiri ndi phiko lolendewera. Nkhuku itaima, nthenga za kunsonga sizilowa pansi pa zinzace, koma zitsalira kunja kapena ziloza pansi, monga munthu wobvala jekete paphewa limodzi. Ici cioneka bwino masana nkhuku irikuyenda, ndiye nkofunika kuyang'ananso m'mawa iri yonse imene inayesedwa usiku.

Cacitatu ndi nthenga yopotoka, imene imera motembenuka, mimba yace kuloza kunja. Ikazulidwa, yomera pamalopo kawiri-kawiri ipotokanso, pakuti colakwa ciri pamene imerera.

Oweta akale m'maiko ambiri anaona kuti zirema izi zitsata magazi. Nthawi zina cirema cidumpha ana nkukaoneka mwa adzukulu, motero tambala mmodzi wa phiko logawanika angathe kusiya cirema cobisika m'khola lonse. Pa zionetsero za nkhuku oweruza afunyulula mapiko onse awiri, ndipo nkhuku ya phiko logawanika siilandira mphotho ngakhale ikongole cotani.

Wina angafunse kuti, nanga phiko liri ndi nchito yanji pa nkhuku yodyedwa? Kwa nkhuku ya m'famu yotsekeredwa, nchito yace njocepa. Koma kwa nkhuku ya kumudzi phiko ndilo moyo. Ndi phiko ikwera pogona, ndi phiko ithawa galu ndi bvumbwe. Thadzi lifunditsa mazira ndi mapiko masiku 21, ndipo kabawi akazungulira kumwamba, kapena mvula ya mwezi wa January ikagwa, anapiye athawira pansi pa mapiko a mai wao. Tambala naye atsamira mapiko pokwera thadzi. Phiko lofooka libala mazira osaswa ndi anapiye ofa ndi cisanu.

ZIMENE ZINYENGA WOYESA

Si mpata uli wonse uli cirema. Kamodzi pa caka nkhuku yaikuru ithothoka nthenga, ndipo za kunsonga kwa phiko ziyamba kugwa kucokera pakati, pafupi ndi kanthenga kakafupi kaja, kupita kunja. Cotero mpata wa kuthothoka uoneka pamalo pomwepo pamene paoneka phiko logawanika. Kusiyanitsa kwace nkotere: woyesa apapase ndi cala m'mphepete mwa phiko. Akamva kansonga ka nthenga yatsopano katatuluka pakhungu, imeneyo ndi nthenga irikubwera. Nthenga yotere itenga masabata asanu ndi limodzi kuti ikule, ndiye wokayika adikire nthawi imeneyo ndi kuyesanso. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nthenga yothyoka pa ndeu, kapena phiko limene mwana analibvulaza ndi mwala, sizipita kwa ana. Ndiponso pali mitundu ya nkhuku imene maonekedwe ace ndi cibadwa cabe. Ya khosi lopanda nthenga, imene a ku Malawi aicha kameta, siiri yodwala, ndipo ipirira kutentha kwa mwezi wa October koposa zinzace. Ya nthenga zotukuka, yochedwa kansilanga, nayonso iribe cirema. Koma tambala wa kansilanga asakwere thadzi la kansilanga, pakuti mwa anapiye anai, mmodzi abadwa ndi nthenga zocepa ndi zosacedwa kuthyoka. Kansilanga aphatikizidwe ndi nkhuku ya nthenga zosalala.

Coopsa koposa ndi phiko logwa cifukwa ca matenda. Nkhuku imene dzulo inali bwino, lero mapiko onse agwa, irikupuma mobvutika, zitosi nzobiriwira, khosi lapotoka, imeneyo iri ndi zizindikiro za citopa. Nthendayi inazindikirika m'caka ca 1926 pa cisumbu ca Java ndi ku Newcastle m'dziko la England, ndipo m'dziko lino inapezeka ku Mazabuka m'caka ca 1952. Iribe mankhwala ociritsa. Coichinjiriza ndi katemera, amene abwerezedwa miyezi itatu kapena inai iri yonse. Iripo nthenda inanso imene Jozsef Marek wa ku Hungary anaifotokoza m'caka ca 1907. Imeneyi igwira makamaka nkhuku zosakhwima, nipuwalitsa phiko limodzi kapena mwendo, kotero kuti nkhuku igona mwendo wina kutsogolo, wina kumbuyo. Nkhuku zotere zipatulidwe msanga, ndipo mlangizi wa ziweto auzidwe. Za mbeu pamenepo palibe.

THUPI

Atatha mapiko, woyesa amve kulemera kwace. Nkhuku zina zioneka zazikuru cifukwa ca nthenga, koma m'manja zipepuka ngati cisa. Yofunika ndi imene ilemera koposa umo ionekera.

Kenaka cala citsate pfupa la pacifuwa kuyambira kutsogolo kufikira kumapeto. Liyenera kukhala lalitali ndi loongoka, mnofu utadzaza mbali zonse ziwiri. Likakhala lakuthwa ngati mpeni, nkhukuyo njoonda, kapena iri ndi njoka za m'mimba. Likakhala lokhota ngati njira ya nyerere, cifukwa cace cingakhale cakuti inayamba kugona pa kamtengo kakang'ono ikali mwanapiye, kapena inasowa cakudya colimbitsa mafupa. Koma kufooka kumeneku kutsatanso magazi, ndipo mwini amene ali nazo zambiri zoti asankhepo aileke.

Msana uyesedwa ndi cikhatho. Ukhale wotambalala pamapewa, ndipo kutambalalako kupitirire kufikira kumcira. Msana woyamba bwino nkuthera mopapatiza ngati khasu lakutha usonyeza nkhuku yopanda malo m'kati. Msana wa linunda, kapena ciuno cokwera mbali imodzi, ndi cirema ca mafupa, ndipo kawiri-kawiri ciyenda pamodzi ndi mcira wopendekera kumbali. Nkhuku ikaikidwa pansi, mcira uyenera kulunjika ndi msana.

Miyendo ikhale yoongoka ndi yotalikirana, pakuti kutalikirana kwa miyendo kusonyeza kukula kwa cifuwa. Maondo ogundana ndi zala zopindika sizifunika pa nkhuku yodzifunira cakudya mwa kupalasa. Mamba otukuka a m'miyendo si cibadwa. Acititsa ndi tizirombo tolowa pansi pa mamba, ndipo mafuta opaka atitha. Mlomo wa pamwamba ugwirizane ndi wa pansi. Wopingasa ulepheretsa nkhuku kutola. Diso likhale lowala ndi lodzaza, ndi kanyama kofiira ka pamutu kakhale kofiiradi.

THADZI LOIKIRA

Pa thadzi pali muyeso wina umene Walter Hogan wa ku Petaluma, m'dziko la America, anaufalitsa m'buku lace lochedwa The Call of the Hen m'caka ca 1913, ndipo oweta augwiritsabe nchito. Mbali zonse ziwiri za potulukira dzira pali timafupa tiwiri tosongoka. Pa thadzi limene lirikuikira, timafupato tiri topyapyala ndi tofewa, ndipo pakati pao palowa zala zitatu, kapena ziwiri pa nkhuku yaing'ono. Kucokera pa timafupato kufikira kumapeto kwa pfupa la pacifuwa palowa zala zitatu kapena zinai, ndipo mimba pamenepo iri yofewa. Pa thadzi losaikira palowa cala cimodzi cokha, timafupa tiri tolimba, ndipo mimba iri gwa ndi mafuta.

Muyeso umenewu ufuna nzeru. Zala za munthu wogwira fosholo pansi pa mgodi sizilingana ndi za mtsikana wa sukulu, ndiye munthu mmodzi ayese khola lonse ndi kulinganiza nkhuku ndi inzace. Ndiponso msoti umene usanayambe kuikira, thadzi lofungatira mazira, ndi thadzi loyenda ndi anapiye, zonsezi timafupa tao tiri totsekeka, ndipo siziyenera kutsutsidwa pa cifukwa cimeneco.

Pali cina cimene cinyenga ambiri. Thadzi loikira kwambiri silikongola. Nthenga zace zaperepeseka, ndipo ngati liri la miyendo yacikasu, cikasuco cazirala, pakuti capita m'mazira. Licedwanso kuthothoka, ndipo likayamba litha msanga. Thadzi lonyezimira, la miyendo yacikasu bii, limene linathothoka kale-kale nkubvala zatsopano, nthawi zambiri ndilo laulesi. Mwini wosadziwa apha logwira nchito nasunga lodya cabe.

Manja sanena zonse. Thadzi la kumudzi liikira katatu kapena kanai pa caka, mazira 10 kufikira 15 nthawi iri yonse, ndipo phindu lace liri pa anapiye amene lawalera kufikira atakula. Amene adziwa zimenezi ndi amai ndi ana, pakuti ndiwo akhala nazo tsiku ndi tsiku. Bambo wobwera pa chuti awafunse kuti ndi thadzi liti liswa mazira ambiri, ndi liti lilimbana ndi kabawi, ndi liti lisiya mazira pakati. Make mbuu, mwana mbuu: msoti wa mai wodziwa kulera ndiwo woyenera kusunga.

TAMBALA

Tambala mmodzi akwanira mathadzi khumi. Thadzi loipa liononga ana ace okha, koma tambala ndiye atate wa anapiye onse a pakhomo, ndipo theka la magazi a mwanapiye ali yense licokera kwa iye. Cifukwa cace pa thadzi munthu angathe kulekerera kacirema kakang'ono ngati liri lodziwa kulera, koma pa tambala asalekerere kanthu. Akhale wa mapiko omamatira, wa cifuwa cacikuru, wocangamuka, woitana mathadzi akapeza cakudya, ndi wocenjeza kukabwera mdani.

Ambiri afuna tambala wa mtundu wacilendo. Wodziwika kwambiri ndi wakuda uja wochedwa Black Australorp, amene a ku Malawi amucha mikolongwe, cifukwa boma la kumeneko linafalitsa nkhukuzi m'midzi kucokera ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu. Mtunduwu unakonzedwa ku Australia, kumene pa mpikisano wa m'zaka za 1922 ndi 1923 mathadzi asanu ndi limodzi anaikira mazira 1,857 m'caka cimodzi. Mbiri yotere siinabwere mwamwai. Inabwera cifukwa oweta a kumeneko anasankha mbeu caka ndi caka, nataya zolakwika. Koma dzina la mtundu silicotsa cirema. Tambala wakuda wa phiko logawanika aposedwa ndi tambala wa kumudzi wopanda banga, amenenso adziwa kudzifunira cakudya m'thengo.

A m'tauni adziwenso kuti nkhuku zoyera za nyama, zija zigulitsidwa zitakwana masabata asanu ndi limodzi, si za mbeu. Zinakonzedwa kuti zikule msanga ndi kuphedwa. Zikasungidwa, miyendo ilephera kunyamula thupi. Nazonso zofiira za mazira za m'mafamu siziswa ana olingana nazo, ndipo zambiri sizifungatira konse.

COCITA ATATHA KUSANKHA

Kusankha kulibe phindu ngati atambala okanidwa atsala pabwalo. Amenewo ndiwo agulitsidwe, ndiwo aphedwere alendo. Cirema ca phiko sicilowa mu msuzi. Atacotsedwa tambala woipa, padutse masabata atatu mazira asanasungidwe kuti afungatiridwe, pakuti mbeu yace ikhalabe yamoyo m'thupi la thadzi masiku ambiri.

Tambala wogulidwa kwina asaponyedwe m'khola tsiku lomwelo. Akhale payekha masabata awiri kapena atatu, kutali ndi zinzace, pakuti nkhuku za pa msika zakhala mu dengu limodzi ndi za m'midzi yambiri, ndipo citopa ciyenda m'madengu momwemo. Alimi ambiri anataya khola lonse cifukwa ca tambala mmodzi wa mphatso.

Tambala asakhalitse pakhomo kufikira akwera ana ace ndi adzukulu ace. Magazi a pacibale ndiwo aturutsa zirema zobisika zija, nacepetsa kuswa kwa mazira. Pakatha caka asinthidwe. Kusinthana ndi mnansi wa khomo loyandikana sikuthandiza kweni-kweni, pakuti nkhuku za mudzi umodzi ziyenda pamodzi ndipo ziri kale pacibale. Mlimi wa ku Chalimbana angacite bwino kusinthana ndi mnzace wa kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, kapena wa mudzi wina wakutali.

Potsiriza, nkhuku zosankhidwa zidziwike kwa onse a pakhomo. Kansaru kofiira komangidwa kumwendo, kosathina, nkokwanira. Wogula wa ku Lusaka akafika, ndiye adzayamba kuloza yomweyo ya kansaru, ndipo adzachula mtengo wabwino, pakuti nayenso adziwa kuyesa ndi manja. Pamenepo mwini alimbe mtima. Ndalama ya tambala mmodzi itha sabata lomwelo, koma tambala wabwino ndi mathadzi khumi abwino adzaza bwalo caka cisanathe.

Amuna a ku migodi ndi a m'tauni, polemba kalata kapena potumiza mau kwao, pamodzi ndi moni ndi za sukulu ya ana, aonjeze mau awa: mlendo akabwera, ya kansaru kumwendo isagwidwe.